Kuimika mzati wa matani 2,000 panyanja yosakhala phee

M'chaka cha 2022, sitima yotchedwa Orion inazika mizati yachitsulo 28, yoti ikhale maziko, pansi pa nyanja ya Baltic, kumpoto chakum'mawa kwa chilumba cha Rügen ku Germany, pamalo opukusira magetsi ndi mphepo otchedwa Arcadis Ost 1. Mizati yaikulu mwa imeneyi inali yotalika mamita 110, kukamwa kwake kotambalala mamita 9.5, ndipo umodzi unkalemera matani oposa 2,000. Uliwonse unafunika kudzutsidwa pamene unagona, kuimikidwa chilili m'malere, kutsitsidwa m'madzi, kenako kukhomeredwa m'nthaka. Pa ntchito zotere, kawirikawiri mzati suloledwa kupendekeka kupitirira kota ya digiri imodzi. Pa utali wa mamita 100, kota ya digiri ndi masentimita 44 basi. Zonsezi zimachitika sitima ikuyandama, mafunde akuikankha, mphepo ikuwomba, poti malo amenewa amasankhidwa dala chifukwa chakuti mphepo siyimatha.

Anthu akamakamba za sitima zoterezi, chimene amathamangira kutchula ndi matani amene kireni yake ingakweze. Nambalayo ndi yoona ndipo ndi yofunika. Koma ine ndimaona kuti pagona nkhani ndi pena. Kukweza chitsulo cholemera anthu anakudziwa kalekale, pomanga milatho ndi nsanja zokumbira mafuta. Chovuta ndi kuchiletsa kugwedezeka chikangochoka pansi, ndipo zida zimene zimagwira ntchito imeneyi ndi zija sizioneka bwino pa zithunzi.

Chinalemeretsa maziko n'chiyani

Malo oyamba padziko lonse opukusira magetsi ndi mphepo panyanja anali Vindeby ku Denmark, mu 1991. Panali makina 11, aliwonse otulutsa makilowati 450, okhazikidwa pa maziko a konkire m'madzi osaya. Pofika 2002, ku Horns Rev m'nyanja ya North Sea anaimika makina 80 a mamegawati awiri aliwonse, ndipo maziko ake anali mizati yachitsulo yobowoka m'kati, yotambalala mamita anayi, yolemera matani pafupifupi 200. Mzati umodzi wotere, umene akatswiri amautcha monopile, ndiwo wakhala maziko a makina ambiri a ku Ulaya kufikira lero.

Makina a masiku ano amatulutsa mamegawati 14 kapena 15. A kampani ya Vestas otchedwa V236 ali ndi mapiko amene akamazungulira amasesa bwalo lotambalala mamita 236. Mphepo imakankha mapikowo pamwamba kwambiri, mamita oposa 100 kuchokera pamadzi, ndipo pansi pa madziwo pali mamita ena 30 kapena 40 kuti ufike pa nthaka. Mphamvu ikamakankha patali chonchi ndi pamene mzati wazikika, imafuna kuuzula mougwetsera m'mbali. Palinso china: nsanja yonse ili ndi kagwedezekedwe kake kachibadwa, ndipo kagwedezekedweko sikayenera kugwirizana ndi liwiro la kuzungulira kwa mapiko, apo ayi chitsulo chimatopa msanga n'kuyamba ming'alu. Njira yolimbitsira mzati ndi kuutambalalitsa. Ndi mmene mamita anayi anasandukira asanu ndi atatu, kenako khumi, kulemera n'kukwera kakhumi m'zaka makumi awiri zokha.

Chodabwitsa n'chakuti chimzati chimenechi ndi chosalimba chikagona. Khoma lake limatha kukhuthala masentimita 10 kapena kuposerapo, koma poyerekeza ndi kutambalala kwa mamita 10, khomalo ndi lopyapyala. Mukauchirikiza pamalo olakwika, kapena kuufinya kwambiri ndi chida chonyamulira, umaphwatalala pang'ono, kukamwa kwake n'kusiya kukhala kozungulira bwino. Zikatero chigawo chimene chimakhala pamwamba pake sichilowa. N'chifukwa chake ngakhale padoko, mzati umayenda pa ngolo zamatayala ambirimbiri zoyendetsedwa ndi kompyuta, utagona pa mitsamiro yopindidwa molingana ndi mimba yake.

Matani 5,000 amatanthauzanji

Kireni ya Orion, yopangidwa ndi Liebherr, imakweza matani 5,000 ngati ngowe yake ili mamita 35 kuchokera pakati pa kireniyo. Mkono ukatambasuka kupita patali, nambalayo imatsika msanga, chifukwa chimene kireni imapirira ndi kulemera kuchulukitsa ndi mtunda. Matani 2,000 pa mamita 70 amaivutitsa mofanana ndi matani 4,000 pa mamita 35. Ndiye funso la mainjiniya silikhala lakuti kireni ikweza matani angati, koma angati, patali bwanji, ndipo pamwamba bwanji. Mzati wa mamita 110 umafuna ngowe imene ingakwere pamwamba pokwanira kuti mzatiwo uime, pamodzi ndi zingwe ndi chida chougwira kumutu.

Kuchoka apo, pa nambala ija pamachotsedwa zambiri. Zingwe, maunyolo ndi chida chogwirira zili ndi kulemera kwake, nthawi zina matani oposa 100. Kenako pali kulemera kobwera ndi kugwedezeka. Sitima ikakwera ndi funde, nsonga ya kireni imakoka katundu modzidzimutsa, ndipo kwa kamphindi chingwe chimamva kulemera koposa kwenikweni. Mainjiniya amawonjezeratu gawo lina pa kulemera kwa katundu pofuna kuphimba zimenezi, ndipo gawolo limakula katundu akamadutsa pamwamba pa madzi pamene mafunde amamenya. Chitsulo chikalowa m'madzi chimakokanso madzi ozungulira, moti chikamagwedezeka chimagwedezeka nawo limodzi. Choncho kireni ya matani 5,000 ponyamula mzati wa matani 2,000 simakhala ikusewera ayi.

Sitima nayonso imayenera kubweza kulemerako. Kireni ikamazungulira ndi katundu kuchoka pakati kupita m'mbali, mapampu amasamutsa madzi ochuluka kuchoka m'matanki a mbali imodzi kupita mbali inayo kuti sitima isapendekeke. Kireni siingazungulire mothamanga kuposa mmene mapampuwo akusamutsira madzi. Ndipo katundu akangomasuka mwadzidzidzi, madzi aja amakhalabe mbali imodzi, sitima n'kupendekekera komweko.

Sitima ya miyendo ndi sitima yoyandama

Njira yoyamba imene anthu anapeza yothana ndi mafunde inali yowathawa. Sitima ya miyendo imafika pamalo, n'kutsitsa miyendo yake inayi kapena isanu ndi umodzi mpaka pansi pa nyanja, kenako n'kudzikweza yokha kufikira thupi lonse litatuluka m'madzi. Mafunde amangodutsa pansi, kireni n'kumagwira ntchito pamalo okhazikika. Sitima yoyamba yomangidwira ntchito ya makina amphepo inali Mayflower Resolution ya mu 2003, ya miyendo isanu ndi umodzi. Pambuyo pake panabwera zina monga Innovation ya mu 2012, yokhala ndi kireni ya matani 1,500, ndi Voltaire ya kampani ya Jan De Nul, imene miyendo yake ndi yotalika mamita pafupifupi 130 ndipo kireni yake imaposa matani 3,000.

Koma miyendo ili ndi zovuta zake. Sitima isanadzikweze, imayamba yapondereza miyendoyo ndi kulemera koposa kumene idzasenze, kuti ione ngati nthaka igwira. Choopsa ndi pamene pamwamba pali mchenga wolimba koma pansi pake pali dongo lofewa: mwendo umaoneka ngati wakhazikika, kenako n'kuboola mwadzidzidzi, sitima n'kupendama. Kuzula miyendo imene yamira m'matope kumatenganso nthawi. Choposa zonse, chilichonse chimene chili pa sitimayo chiyenera kukwezedwa ndi miyendo yomweyo. Mizati itafika matani 2,000, sitima ya miyendo inayamba kutenga iwiri kapena itatu yokha pa ulendo, kapena kulephereratu.

Apa ndipo ntchito ya maziko inayamba kusamukira ku sitima zoyandama. Zina zinabwerekedwa ku ntchito zakale. Svanen inamangidwira kunyamula zigawo za mlatho wa Great Belt ku Denmark cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma yakhala ikuzika mizati mazanamazana, kuphatikizapo m'nyanja ya Baltic momwe mafunde ndi ofatsa. Mizati yake imafika itatsekedwa mbali zonse ziwiri, ikuyandama yokha, maboti akuikoka. Zina ndi zimphona za ku migodi ya mafuta, monga Saipem 7000 ya makireni awiri a matani 7,000 iliyonse, ndi Sleipnir ya kampani ya Heerema, ya mu 2019, ya makireni awiri a matani 10,000 iliyonse. Zimenezi zimayandama pa matanki omira pansi pa madzi, kutali ndi mphamvu ya mafunde, ndiye sizigwedezeka kwambiri. Kenako panamangidwa zatsopano zongoganizira mizati ikuluikulu: Orion ya kampani ya DEME, Les Alizés ya Jan De Nul imene kireni yake imakwezanso matani 5,000, ndi Bokalift 2 ya Boskalis, imene inali sitima yoboola zitsime za mafuta isanaikidwe kireni ya matani 4,000.

Sitima zatsopanozi siziponya anangula. Zimaima pamalo amodzi ndi mapulopela angapo otha kuloza mbali iliyonse, amene kompyuta imawalamula mosalekeza poona pamene masetilaiti akusonyeza kuti sitima ili, ndi mmene mphepo ikuwombera. Njirayi ndi yachangu, koma siyiimitsa sitima kuti nji. Imasunthabe pang'ono uku ndi uku, imakwera ndi kutsika, imapendama. Kusuntha kwa mita imodzi kwa sitima ndi kochepa, koma kwa mzati wololedwa masentimita 44 ndi kwakukulu zedi.

Kuchokera pogona kufika poima

Mzati umafika pamalo utagona. Ntchito yoyamba ndi kuugwira kumutu. Chida chonyamulira chimalowa kukamwa kwa mzati, ndipo chimagwira mkombero wachitsulo umene uli kumutuko, kapena chimafinya khoma ndi mano okankhidwa ndi mafuta opanikizidwa. Chidachi chimapangidwa moti katundu akalemera, kugwira kwake kumalimbirako, ndipo mafuta atathawa sichitayilira. Kumunsi kwa mzati kumakhala m'chikho chachitsulo chozungulira pa hinji m'mphepete mwa sitima. Kireni ikamakweza mutu pang'onopang'ono, munsi umatembenukira pa hinjiyo kufikira mzati utaima. Nthawi imeneyi ndi yosautsa, chifukwa kulemera kumasamuka pang'onopang'ono kuchoka pa chikho kupita pa ngowe, ndipo woyendetsa kireni ayenera kusunga ngowe pamwamba penipeni pa mutu wa mzati. Ikatsalira kapena kutsogola, chingwe chimakokera m'mbali, pomwe mkono wa kireni sunapangidwire kukokedwa chammbali.

Mzati ukangolendewera, pamabwera mdani wamkulu. Chilichonse cholendewera pa chingwe chili ndi nthawi yake yopitira uku n'kubwerera, ndipo nthawiyo imadalira kutalika kwa chingwe, osati kulemera kwa katundu. Katundu wolendewera mamita 16 amatenga masekondi asanu ndi atatu, wa mamita 25 amatenga masekondi khumi. Tsoka lake, mafunde aatali a panyanja amabweranso motalikirana masekondi ngati omwewo. Zimakhala ngati mwana pa katungwe: simufunika kumukankha mwamphamvu, kungomukhudza pa nthawi yoyenera mobwerezabwereza, amafika kumwamba. Mafunde osafika ndi mita imodzi yomwe, akagwirizana ndi nthawi ya katunduyo, amatha kupangitsa matani 2,000 kuyamba kuyenda mamita angapo. Ndiye chifukwa chake pa sitimazi sayang'ana kutalika kwa mafunde kokha. Amayang'ananso kutalikirana kwake ndi mbali imene akuchokera, ndipo amatembenuza sitima kuti iwalandire ndi mphuno. Zingwe zing'onozing'ono zochokera ku mawinchi a pa sitima, makina okulunga zingwe, zimamangidwa ku katundu, ndipo pa sitima zatsopano mawinchiwo amakoka ndi kutayilira okha motsutsana ndi kugwedezekako kuti kuzizire.

Tsopano chida chimene ine ndimachilemekeza kuposa kireni yeniyeniyo: chopanira. Ndi mphete yaikulu yachitsulo yotulukira m'mphepete mwa sitima, imene imatseguka ngati manja awiri, mzati n'kulowa, n'kutsekanso. M'kati mwake muli mawilo amene amagwira mzati mbali zonse koma n'kumaulola kutsetsereka kupita pansi. Pa sitima ya miyendo, mphete yongokhala phee imakwanira. Pa sitima yoyandama, mphete yomangidwa gwa ku sitima ikanapatsira mzati kugwedezeka konse kwa sitimayo. Choncho chopanira cha masiku ano, monga chija kampani ya Huisman inapangira Orion, chimakhala pa njanji ziwiri zopingasana, ndipo chimasunthidwa ndi masilinda amphamvu. Zipangizo zoyezera zikamva kuti sitima yasunthira kumanja, mphete imasunthira kumanzere mtunda womwewo, nthawi yomweyo. Woima pa sitima amaona mphete ikuyendayenda. Zoona zake n'zakuti mpheteyo ndiyo yaima, sitima ndiyo ikuyenda.

Povuta kwambiri ndi pamene mzati wagunda pansi koma sunazikike mokwanira kuti uime wokha. Kulemera kwake kumaulowetsa mamita ochepa m'nthaka, kireni imaumasula kuti ikatenge nyundo, ndipo nyundo ya matani mazana angapo imakhazikidwa pamutu pake. Apa chimene chikuugwira ndi chopanira chokha. Ukapendekeka pang'ono, umakankha mphete, mphete imakankha sitima, mapulopela amayankha pokankha mobweza, ndipo ngati kompyuta ya mapulopela ndi ya chopanira sizikumvana, ziwirizi zimatha kuyamba kulimbana, kugwedezeka n'kumakulirakulira. Pa sitima zimenezi makompyuta awiriwa amalumikizidwa, kuti mphamvu imene chopanira chikumva idziwike ku mapulopela isanasunthe sitima. Umisiri umenewu ndiwo unatsegula njira yoti mizati ikuluikulu izizikidwa ndi sitima yoyandama yopanda anangula. Popanda iwo, kireni ya matani 5,000 ikanangotha kuimika mzati osatha kuuwongola.

Nyundo, phokoso ndi nthaka yonyenga

Nyundo zazikulu zimapangidwa ndi makampani ochepa, makamaka IQIP ya ku Netherlands ndi MENCK ya ku Germany. M'kati mwake muli chitsulo cholemera chimene chimakwezedwa ndi mafuta opanikizidwa n'kugwetsedwa, ndipo kumenya kumodzi kumatha kufika makilojulu 4,000 kapena kuposa. Mzati umodzi umamenyedwa kambirimbiri, kufika masauzande. Kumayambiriro amamenya pang'onopang'ono, akuima n'kuyeza kupendekeka, chifukwa mamita oyambirira ndiwo amalamula njira imene mzati udzatsate. Ukalowa mozama uli wopendekeka, palibe chopanira chingaubweze.

Nthawi yonseyi nyundo imakhala yomangidwabe ku kireni ndi zingwe zolekerera pang'ono. Chimene ogwira ntchito amaopa ndi mzati kuthawa. Ukaboola nthaka yolimba n'kupeza dongo lofewa pansi pake, umatha kutsika wokha mamita angapo m'masekondi ochepa. Nyundo imautsatira, zingwe zimakungika mwadzidzidzi, ndipo kukoka konseko kumafika ku kireni kamodzin'kamodzi. Zoterezi zinachitika pa malo a Yunlin ku Taiwan, ndipo zinali zina mwa zimene zinachedwetsa ntchito kumeneko. Pofuna kuteteza kireni, pakati pa ngowe ndi nyundo amaikapo silinda yaikulu yodzaza mpweya wopanikizidwa, imene imatambasuka n'kumeza kukokako. Koma chitetezo chenicheni chimayambira patali, pa kuboola ndi kuyeza nthaka ya pamalo pa mzati uliwonse ntchito isanayambe. Pamenepa sipofunika kuumira ndalama.

Kumenya kumeneku kumatulutsa phokoso lalikulu m'madzi, lotha kuwononga makutu a nyama za m'nyanja. Dziko la Germany linaika malire: phokoso lisapitirire madesibelo 160 pa mtunda wa mamita 750, makamaka poteteza nyama yaing'ono yonga dolphin yotchedwa harbour porpoise. Pa malo a Coastal Virginia ku America, pamene Orion inapatsidwa ntchito yozika mizati 176, kukhoma kunkaloledwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala mokha, pofuna kupewa nyengo imene anangumi osowa a mtundu wa North Atlantic right whale amadutsa. Njira imodzi yochepetsera phokoso ndi kuyala mapaipi obowolabowola pansi mozungulira mzati n'kupopamo mpweya, thovu lake n'kupanga katani yotchinga phokoso. Ina ndi kuveka mzati chipaipi china chachikulu cha makoma awiri, chimenenso ndi katundu wa matani mazana ofuna kireni yomweyo. Kampani ya CAPE Holland inapanga chida chimodzi chimene chimagwira mzati, kuudzutsa, kenako kuunjenjemeretsa kuti ulowe m'mchenga. Ubwino wake ndi wakuti mzati sumasulidwa ku kireni pa nthawi yoopsa ija.

Pamene pansi pali thanthwe, nyundo siithandiza. Ku Saint-Nazaire ku France, mizati 73 mwa 80 inaikidwa m'maenje oboola ndi makina a kampani ya Herrenknecht otambalala mamita 7.7, kenako n'kumatidwa ndi simenti yapadera.

Pamene chaching'ono chinagwetsa chachikulu

Pa 2 Meyi 2020, Orion ili padoko la Rostock, kireni yake yatsopano inkayesedwa. Cholinga chinali kufika matani 5,500, kupitirira mlingo wake ndi gawo limodzi mwa khumi monga mwa lamulo la mayeso. Katundu atafika matani pafupifupi 2,600, ngowe inathyoka. Mkono umene unali utakungika unabwerera m'mbuyo mwamphamvu, n'kugwera pa sitima, n'kupindika. Anthu angapo anavulala, ndipo sitimayo inayamba ntchito patapita zaka ziwiri. Mu Epulo 2022, Saipem 7000 ikuyesanso kireni pafupi ndi Stavanger ku Norway, waya wa kireni imodzi unaduka, katundu woyeserayo anagwera m'madzi, ndipo sitima inapendekeka kwambiri chifukwa madzi a m'matanki anali atasamutsidwira mbali ina. Palibe anavulala, ndipo anaiwongola.

Ngozi ziwirizi zinachitika poyesa, pamalo otetezeka, osati pakati pa nyanja mzati uli m'malere pamwamba pa anthu, ndipo mayeso amachitikira zimenezo. Zikusonyezanso kuti kuchokera ku injini ya winchi kufika ku mzati, kulemera konse kumadutsa m'zida zotsatana, chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo palibe chimene chili ndi chinzake chochithandiza chikalephera. N'chifukwa chake chingwe chilichonse ndi unyolo uliwonse zili ndi nambala ndi chikalata chake, ndipo zimayang'anidwa zisanagwire ntchito. Malamba ambiri onyamulira katundu masiku ano ndi a ulusi wa pulasitiki wolimba kwambiri, monga wa Dyneema, opepuka kutalitali ndi waya moti anthu amawasuntha osathyoka msana, koma amaopa kutentha ndi m'mphepete mwakuthwa.

Maziko ena, kanyamulidwe kena

Pamwamba pa mzati kawirikawiri pamakhala chigawo chachikasu cha matani mazana angapo, chokhala ndi makwerero ndi pofikira maboti. Kale chinkamatidwa ndi simenti, kufikira cha m'ma 2009 pamene zinadziwika kuti zigawo zambiri zikutsetsereka chifukwa cha cholakwika m'masamu a muyezo umene onse ankatsata. Mlandu wa malo a Robin Rigg unafika mpaka ku khothi lalikulu la United Kingdom, limene mu 2017 linagamula kuti kontilakita MT Højgaard ndiye alipire zokonza. Kuyambira nthawi imeneyo ambiri anasamukira ku mabawuti, ndipo ena anachichotseratu chigawochi, mzati n'kutalika mpaka pamwamba pa madzi. Kunyamula kumodzi kunachepa, koma mzati unalemerako.

M'madzi akuya amagwiritsa ntchito maziko a miyendo itatu kapena inayi yolukana, otchedwa jacket. Ku Seagreen, kufupi ndi gombe la Angus ku Scotland, Saipem 7000 inakhazika 114 otere, olemera matani pafupifupi 2,000 aliwonse, ndipo ozama kwambiri ali pa mamita oposa 58. Kumapazi kwake kuli zitini zazikulu zovundikira. Zikafika pansi, mapampu amatulutsa madzi a m'kati, ndipo kulemera kwa nyanja kumazikankhira m'nthaka popanda nyundo.

Maziko a konkire amaonetsa bwino kuti kusankha maziko ndi kusankhanso chida chonyamulira. Ku Fécamp ku France, maziko 71 a matani 5,000 aliwonse anaumbidwa ku Le Havre, ndipo mu 2022 anafunika Sleipnir kuti iwatsitse. Ku Blyth ku England, mu 2017, maziko asanu a konkire anapangidwa moti aziyandama okha. Maboti anawakoka, anthu anawadzaza madzi kufikira atakhala pansi, kenako n'kuthiramo mchenga. Chimphona cha kireni sichinafunike konse pa gawo limenelo.

Wolamula ndi nyengo

Kunyamula kulikonse kuli ndi poyambira pamene simungabwererenso. Mzati ukachoka m'chikho chake, malo otetezeka otsatira ndi pamene wazikika mokwanira kuima wokha, ndipo pakati pake pamadutsa maola ambiri. Choncho ntchito siyamba pokhapokha olosera zanyengo atasonyeza bata lotalika kuposa nthawi yofunikayo, n'kutsalako ina yodzitetezera. Pa sitima pamakhala woyang'anira woima payekha, woimira a inshuwalansi, amene amasaina chilolezo katundu asanakwezedwe. Sitima yotere imadya ndalama zambiri tsiku lililonse, kaya ikugwira ntchito kaya ikudikira, ndiye chikakamizo chofuna kuyamba chimakhala chachikulu. Munthu amene amatha kunena kuti lero ayi, pamene anzake onse akonzeka ndipo kumwamba kukuoneka koyera, amateteza anthu omanga zingwe amene amaima pafupi kwambiri ndi katundu. Phindu la chopanira chabwino ndi mawinchi oziziritsa kugwedezeka limaonekeranso pomwepa: amachulukitsa masiku pa chaka amene yankho lingakhale inde.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi liwiro limene makinawa akukulira. Sitima yotere imatenga zaka zitatu kapena zinayi kuimanga, ndipo iyenera kugwira ntchito zaka makumi awiri kapena kuposa kuti ibweze ndalama. Koma opanga makina amphepo akhala akutulutsa aakulu kuposa akale pa zaka zochepa zilizonse. Aeolus ya kampani ya Van Oord inayamba ntchito mu 2014, ndipo pofika 2018 inali itasinthidwa kale kireni, kuikidwa ya matani 1,600. Sitima zotha kunyamula mizati yaikulu kwambiri ndi zowerengeka, ndipo imodzi ikachedwa pa ntchito ina, mayiko ena amadikira. Pali amene akupempha kuti kukula kwa makina kuimitsidwe kwa kanthawi kuti madoko, mafakitale ndi sitima zipeze mpata wobweza ndalama n'kuphunzira kugwira ntchito imodzimodzi mobwerezabwereza. Ine ndikugwirizana nawo, chifukwa pa ntchito yonyamula, chida chimene chagwira kambirimbiri ndi chodalirika kuposa chatsopano chimene chikuyesedwa koyamba pa katundu wolemera kuposa onse akale.

M'madzi akuya kupitirira mamita 60 kapena 70, maziko ozikika pansi amayamba kudula kwambiri, ndipo m'malo mwake mukubwera maziko oyandama omangidwa ndi anangula. Kumeneko kunyamula kukubwerera kumtunda. Pa Hywind Scotland mu 2017, Saipem 7000 inanyamula makina asanu athunthu, nsanja ndi mapiko omwe, n'kuwakhazika pa maziko oyandama m'madzi abata a ku Stord ku Norway, asanakokedwe kupita kufupi ndi Peterhead. Koma pofika 2022, makina a Hywind Tampen anasonkhanitsidwa ku Gulen, ku Norway komweko, ndi kireni ya kampani ya Mammoet yoima pagombe, yozungulira pa njanji yonga mphete. Kireni yotere siyiopa mafunde, koma imafuna doko la nthaka yolimba yotha kusenza kulemera kwake, ndi madzi akuya pafupi penipeni ndi gombe, ndipo madoko okhala ndi zonse ziwirizi ndi ochepa.